Agogo Ake a Jefifi

Mu msewu wonse wa amisiri mudalibe munthu amene adawamvapo a Makiyi akufunsa mnzawo za katsegulidwe ka chinthu. Ofunsidwa adali iwo. Dzinalo adawapatsa ndi anthu chifukwa cha ntchito yawo: ankadula makiyi, ankakonza maloko, ndiponso ankapulumutsa anthu odzitsekera kunja kwa nyumba zawo zomwe, mtundu wa anthu umene ndi wochuluka kuposa mmene eni ake amavomerera. Shopu yawo idali kachipinda kopapatiza pakati pa sitolo ya penti ndi malo ometera a mlamu wawo. Kukhoma kunkalendewera makiyi osadula, pabenchi padali vaisi, matupa ndi kabotolo ka oilo, ndipo pakona, pansi pa nsalu yotchinga fumbi la chitsulo, padali kompyuta imene mwana wawo wamkazi adawasiyira pamene ankasamukira ku mzinda wakutali ndi mwamuna wake.

Kompyutayo a Makiyi ankailemekeza monga munthu alemekezera galu wa eni: mwaulemu, koma osaigwiragwira. Mudali zithunzi za mageti ndi zitseko zimene adaikapo maloko, pamodzi ndi zithunzi za banja zimene mwana uja adawaikiramo. Ankadina kawiri, chithunzi n'kutseguka. Zoposera apo sankafuna kuzidziwa.

M'mawa wina foni yawo ya mabatani idalira. Adali mkamwini. Mwana wawo adachira bwinobwino, adabadwa mwana wamwamuna, ndipo mayi ndi khanda adali m'tulo.

"Nanga dzina?" adafunsa a Makiyi, asadafunse n'komwe za kulemera kwa khandalo.

"Dzina sindinena pafoni, bambo. Mwana wanu wandiletsa. Talilemba pachithunzi, ndipo chithunzicho tatumiza pa imelo yanu. Akufuna kuti woyamba kuliona mukhale inu."

Apa m'pofunika kufotokoza chinthu chimodzi. Chiyambire tsiku limene adamva kuti mwana wawo ndi woyembekezera, a Makiyi adakhala akuuza msewu wonse kuti mdzukulu akadzakhala wamwamuna adzatenga dzina lawo, dzina lenileni la pachiphaso, limene anthu adaleka kalekale kuwatchula nalo. Palibe amene adawalonjeza zimenezi. Adangoziona kuti n'zoyenera, ndipo kwa iwo choyenera ndi cholonjezedwa chidali chinthu chimodzi. Mlamu wawo wometa, mlongo wamng'ono wa akazi awo, ndiye ankawaseka tsiku ndi tsiku. Ankati ana a masiku ano sangapatse khanda dzina lonunkha oilo.

Uthenga utawapeza, mayi a kunyumba adafika wefuwefu, atavala nsapato zosiyana. Mlamu naye adalowa lumo lili m'manja, atasiya kasitomala pampando mutu uli wometedwa mbali imodzi. A Makiyi adavundukula kompyuta, adapukuta manja, adapeza imelo ija, adatsitsa chithunzi monga adaphunzitsidwira, nadina kawiri.

Chithunzi sichidatseguke. Tsikulo, pa zifukwa zimene imadziwa yokha, kompyuta idaiwala chimene inkatsegulira zithunzi zotero, ndipo idatulutsa funso. Pansi pa funsolo padandandalikidwa mapulogalamu angapo, iliyonse ndi kachizindikiro kake, ndipo pansi penipeni padali kabokosi kopanda kanthu.

"Ikuti chiyani, bambo?" adafunsa mayi.

"Ikufunsa kuti fayilo imeneyi nditsegule ndi chiyani," adayankha a Makiyi, akukonza kolala. "Yadziwa amene yamupeza."

Adayang'ana mapulogalamu aja monga ayang'anira loko wachilendo, kenaka adakweza chala. "Mkamwini wati chiyani? Wati dzina talilemba. Sanati talijambula, sanati taliimba. Cholembedwa chimatsegulidwa ndi cholembera." Atatero adaloza kachizindikiro kooneka ngati kabuku, ka pulogalamu yolembera mawu.

"Apo mwalasa, alamu," adavomereza wometa, amene nthawi zambiri sankavomereza kanthu.

"Nanga kabokosiko?" adafunsanso mayi.

"Kakufunsa ngati nditero lero lokha kapena nthawi zonse."

"Ndiye muti chiyani?"

"Mayi, ine ndinayamba ndasinthapo maganizo?"

"Ayi," adatero mayi, ndi mawu a munthu amene wakhala nazo.

A Makiyi adachonga m'kabokosi muja, nadina.

Chimene chidadzaza sikirini sichidali khanda. Zidali zilembo, mizeremizere yothithikana ngati nyerere pa shuga wotayika. Padali zilembo za madontho awiri pamutu, zilembo zodulidwa pakati, timabokosi, timitanda, zizindikiro zofunsa zozondoka. Anthu atatuwo adaweramira pafupi mitu n'kugundana. Mu chipwirikiti chonsecho, pamzere woyamba penipeni, padaima zilembo zinayi zokha zimene munthu wopita kusukulu akadatha kuzipatsa moni.

"J, F, I, F," adawerenga wometa, akuloza ndi lumo. Adazilumikiza zilembozo chapansipansi. "Jefifi."

"Palibe dzina lotero," adatero a Makiyi.

"Lilipo tsopano. Mdzukulu wanu wayamba nalo."

"Nanga zinazi n'chiyani?" adafunsa mayi.

"Za kuchipatala, achemwali. Kulemera kwa mwana, kutalika kwake, mankhwala. Simunaonepo mmene madokotala amalembera? Chithunzi chikubwera pambuyo, intaneti ikuchedwa nacho. Zithunzi n'zolemera, mawu amathamanga."

A Makiyi adatulutsa foni m'thumba, koma mayi adaitsomphola asadadine batani ndi limodzi lomwe.

"Mukufuna kutani? Mwana wangochira kumene, ali m'tulo, ndiye mumudzutse kuti akufotokozereni chifukwa chake sanatche dzina lanu? Mumuliza. Dzina ndi dzina." Adaika foniyo m'chikwama mwawo, nayamba kuliyesa dzinalo pakamwa monga munthu ayesera nsapato yatsopano. "Jefifi, bwera kuno. Jefifi, siya mpeni. Jefifi, wapatsa moni agogo? Likumveka, bambo. Tizolowera."

Wometa adabwerera kwa kasitomala wake wa theka la mutu. Malo ometera, monga aliyense adziwa, ndi wailesi yopanda batani lozimitsira. Dzuwa lisadafike pamutu msewu wonse udali utamva.

Woyamba kubwera adali wogulitsa penti. Adagwira a Makiyi dzanja ndi manja awiri nawauza kuti dzinalo ndi lakunja, ndipo limatanthauza mphatso yochedwa. Womata matayala adatsutsa ali pakhomo: lidali dzina la katswiri wina wa nkhonya wa kalekale, amene iye adamuonapo pakanema. Mayi wosoka zovala adati msuweni wa mnzake ali ndi mwana dzina lake lomwelo, ndipo ndi mwana wanzeru kwambiri, amakhoza masamu. N'chinthu chomvetsa chisoni, koma choona, kuti anthu amatha kupirira njala, ludzu ndi nsapato yothina, koma sangapirire kunena kuti chinthu sakuchidziwa.

"Zabwino zonse, agogo ake a Jefifi!" ankafuula odutsa.

A Makiyi ankangogwedeza mutu. Adamanga kiyi m'vaisi nayamba kupala ndi tupa, koma maganizo sadali pamenepo. Adakumbukira mmene ankanyamulira mwana wawo uja paphewa akali wamng'ono, mmene adamuphunzitsira kulemba dzina la bambo ake asadadziwe kulemba lake. Ndiye lero mwana yemweyo n'kudumpha dzina lonselo, n'kukatola zilembo zinayi zomveka ngati munthu akuuzira moto wa nkhuni zonyowa. Atayang'ana m'vaisi adapeza kuti kiyi uja adamupala mpaka kumutha mano onse. Adamuponya m'chitini mwakachetechete.

Masana kudabwera mayi wina woyang'anira sukulu ya mkaka. Ana ake, adatero, adaphunzira kutsegula geti, ndipo ankafuna loko amene mwana sangamufikire. A Makiyi adakondwera kupeza nkhani ina. Adati ali ndi chithunzi cha geti lotero ndendende, limene adakonza chaka chatha, ndipo adapita pakompyuta nadina kawiri.

Nyerere zija zidabwerera. Pamzere woyamba padaima zilembo zinayi zomwe zija.

"Ndi limeneli getilo?" adafunsa mayiyo mwaulemu.

"Awa ndi malangizo ake," adatero a Makiyi. "Mubwere mawa."

Mayiyo atatuluka, a Makiyi adamenya khoma ndi chibakera, chizindikiro chawo choitanira mlamu, ndipo adatumiza uthenga kwa mayi a kunyumba, amene adali kwa wosoka zovala uja akukambirana za kachipewa kolembedwa dzina la mwana. Onse atafika, adawaonetsa geti.

"Geti nalonso ndi Jefifi?" adadabwa wometa. "Tatsegulani china."

Adatsegula chitseko cha nyumba ina yosanja. Jefifi. Adatsegula galu wawo wakale amene adagundidwa ndi galimoto. Jefifi. Adatsegula malemu apongozi awo, mayi ake a mayi ndi wometa, atakhala pampando wawo wa ndalema. Jefifi.

"Amayi!" adafuula wometa, akuvula chipewa chimene sadavale.

"Tsegulani cha ukwati," adalamula mayi, mawu atatsika.

"Mayi, mwina tiyambe ta..."

"Tsegulani."

Ukwati nawo udali Jefifi. Diresi loyera, suti yobwereka, maluwa, zonse zidasanduka timabokosi ndi zizindikiro zozondoka.

Mayi adakhala pa bokosi la maloko. "Chithunzi chimodzi chokha chimene ndinaoneka wowonda," adatero.

"Mwana ameneyu ndi wamphamvu," adatero wometa. "Sanathe ndi tsiku lomwe, wadya kale banja lonse ndi galu yemwe. Kapena ndi kachirombo, alamu. Tizirombo ta makompyuta timakhala ndi maina. Kuli munthu kumsika amafufuta zonse, kompyuta n'kubwerera yoyera ngati yatsopano. Tinyamule."

"Afufute ukwati wanga, iwe?"

"Wafufutika kale, achemwali."

Pamenepo mayi adacheuka kuti apeze wowathandiza kulira, ndipo adaona chinthu chimene chidawaimika tsitsi. Amuna awo ankamwetulira. Sikudali kumwetulira kobisa ayi. Mano onse adali panja.

"Bambo, mukuseka? Amayi anga asanduka masamu, inu mukuseka?"

"Taganizani, mayi," adatero a Makiyi, akuwerenga pa zala. "Geti ndi Jefifi. Galu ndi Jefifi. Amayi anu, pepani, ndi Jefifi. Kodi mwana wathu angatche khanda lake dzina la geti? Ndiye kuti Jefifi si dzina la mwana. Dzina la mwana tikadalibe kuliona."

"Kapena tonse ndife a Jefifi, timangodziiwala," adatero wometa.

A Makiyi adakoka mpando, adapinda manja a malaya, nakhala patsogolo pa kompyuta monga ankakhalira patsogolo pa chitseko chokana: osachikwiyira, osachinyengerera. Za munthu wa kumsika adazikana ndi mawu amodzi. Kuthyola chitseko, adatero, ndi ntchito ya akuba ndi zidakwa. Mmisiri amayamba wafunsa kuti chavuta n'chiyani, ndipo lamulo lake ndi lakalekale: chitseko chimodzi chikakana, vuto lili m'loko, zitseko zonse zikakana mofanana, vuto lili pakiyi.

Adayamba kuyenda chitseko ndi chitseko, fayilo ndi fayilo, osadumpha. Zonse zinkatulutsa nyerere. Wometa adayasamula. Mayi adayamba kuguguda pansi ndi nsapato imodzi mwa zosiyana zija. Kenaka, pafupi ndi mapeto, fayilo ina idatseguka bwinobwino: chojambula cha chikwangwani cha shopu, kiyi wamkulu wachikasu, chimene mwana wawo adawakonzera asadasamuke.

"Ehe!" adatero a Makiyi. "Chotsegulira zithunzi chili moyo. Sichinafe, sichinathawe. Changoletsedwa kulowa m'nyumba zinazi."

Adavala magalasi awo ogwirira ntchito zazing'ono nasuzumira pa maina a mafayilo. Kiyi amadziwika ndi mano ake, ndipo adaona kuti fayilo imadziwika ndi mchira wake. Dzina lililonse linkatha ndi dontho ndi zilembo zitatu. Chikwangwani chotseguka chija mchira wake udali p, n, g. Zonse zokana mchira wake udali j, p, g, ndipo chilichonse mwa izo chidavala kachizindikiro ka kabuku, pamene kale chinkaonetsa kankhope kapena kageti kakang'ono. Chithunzi cha mdzukulu nacho chidali cha mchira womwewo.

A Makiyi adayang'ana kabukuko nthawi yaitali. Kadali kabuku komwe kaja adakasankha m'mawa. Kompyuta idawafunsa za chitseko chimodzi, iwo n'kuipatsa kiyi wolakwika, n'kuilamula kuti izitsegulira yemweyo zitseko zonse za mtundu umenewo mpaka kalekale. Ndipo kompyuta, pokhala chinthu chopanda nzeru zokanira wamkulu, idamvera.

"Mwapeza?" adafunsa mayi.

"Pali kusamvana pang'ono pakati pa mapulogalamu."

Mayi adawayang'ana kumbali, monga ankawayang'anira akabwera kunyumba ndi nsomba imene amati njatsopano. "Kabokosi kaja," adatero.

"Kabokosi kanandikakamiza."

"Nthawi zonse," adatero mayi, akutembenukira kwa mlongo wawo. "Wamva, iwe? Nthawi zonse. Ine ndakhala nawo mawu amenewa m'nyumba chikwatiwire, lero afika ndi kukompyuta komwe."

Kupeza vuto kudali kwina, kulikonza kwina. Funso la m'mawa lija silinkabweranso. A Makiyi adadina kawiri mofatsa, adadina kawiri mwamphamvu, adazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso kuti mwina iiwala, koma chinthu chimene chidaiwala ntchito yake m'mawa chidaonetsa tsopano kuti malamulo oipa sichiiwala.

"Ndipatseni kuno," adatero mayi potsiriza, ndipo adagwira mausi dzanja la amuna awo likadali pomwepo. Adakokana. M'kukokanako chala cha mayi chidatsikira pa batani lakumanja.

Batani limenelo a Makiyi adali asadalikhudzepo chikhalire. Ankaliyesa sipeya, losungira tsiku limene lakumanzere lidzathe, monga munthu wanzeru asungira kiyi wachiwiri kwa mnansi. Koma lidangodinidwa, pasikirini padagwa mndandanda wa mawu, ndipo pakati pake padali mawu awiri amene adawafika a Makiyi pamtima: tsegulani ndi. Atalozapo, pambali padatuluka mapulogalamu aja, olendewera pamodzi ngati makiyi pa mphete.

"Ndimadziwa kuti lili ndi ntchito yake," adatero a Makiyi.

Munthu wa makiyi akapatsidwa mphete yachilendo amayamba ndi kiyi woyamba. Woyamba adali pulogalamu yojambulira, ya kachizindikiro ka burashi. Adadina, ndipo nyerere sizidabwere. Sikirini idadzaza ndi chinthu chotuwa, chosalala, chopanda mbali.

"Khoma la chipatala," adatero wometa. "Tsikani pansi."

Pulogalamuyo idatsegula chithunzi pa ukulu wake wonse, kotero kuti chinkaoneka kachigawo kamodzi kokha, monga munthu aonera chipinda pa kabowo ka kiyi. Adatsika. Khoma lidasanduka bulangeti, bulangeti lidasanduka chinthu chofiirira, chopindikapindika, chachikulu ngati mbale.

"Khutu!" adakuwa mayi, manja ali pachifuwa. "Khutu la mdzukulu wanga!"

"La kwathu limenelo," adatero wometa. "Taonani kupindika kwake. Kwa alamu kulibe makutu otere, kwawo ndi zitseko za galimoto. Dikirani ndikuonetseni." Adatambasula dzanja, adagwira mausi nakoka kuti aloze. Koma m'pulogalamu yojambulira mausi ndi pensulo. Mzere wakuda bii udadutsa pakhutu lonse mpaka patsaya.

"Wameta mwana!" adalira mayi, akumenya mlongo wawo ndi chikwama. "Wamucheka! Dzanja lakolo silingaone mutu osaupala?"

A Makiyi adathamangira kutseka pulogalamuyo. Kompyuta idatulutsa funso lina: kodi isunge zimene mwasinthazi? Tsiku lina lililonse a Makiyi akadayankha okha, mwamsanga ndi mwaulamuliro. Tsikuli adawerenga funsolo kawiri, adalitanthauzira mokweza, ndipo anthu atatu adakuwa pamodzi: "Ayi!" Wogulitsa penti adasuzumira pakhomo kuti aone ngati kwagwa zovuta, n'kubwerera.

Tsopano a Makiyi adaleka kuyenda mwa dongosolo la mphete. Adatsegulanso chikwangwani chija, nayang'anitsitsa kachizindikiro ka pulogalamu imene idachitsegula, monga ayang'anira mano a kiyi asadadule mnzake. Adabwerera pa chithunzi cha mdzukulu, adadina batani lakumanja ndi chala chawo chomwe, ndipo pansi pa mphete ija adapeza mawu oti munthu asankhe pulogalamu ina. Atadina pamenepo, funso la m'mawa lidabwerera lonse, ndi kabokosi kake. Adasankha choonetsera zithunzi. Kabokosi adakasiya kopanda kanthu.

"Simuchonga?" adafunsa wometa.

"Kiyi amayamba wayesedwa, kenaka n'kuperekedwa kwa mwini."

Adadina.

Khanda lidatuluka lonse lathunthu, lokulungidwa m'bulangeti, maso otseka, nkhope yokwinya ngati ya munthu amene wauzidwa nkhani yosamukondweretsa. Pakhutu padalibe mzere. Pachifuwa pake padatsamizidwa kapepala kolembedwa ndi dzanja limene a Makiyi akadalizindikira ngakhale mumdima, ndipo pakapepalapo padali dzina lawo. Lidali lonse, losafupikitsidwa, lolembedwa molondola, ndi chilembo china chapakati chimene ngakhale a kuofesi ya ziphaso adachiphonya kawiri.

Mayi adaphimba pakamwa. A Makiyi adavula magalasi, adawapukuta ndi nsalu ya oilo, nawavalanso, ndipo sadaone kanthu, mwina chifukwa cha oiloyo.

"Fumbi la chitsulo," adatero, ngakhale palibe amene adawafunsa.

"Dzina lonunkha oilo ndithu," adatero wometa chapansipansi, akufwenthera. "Koma mwana wake ndi wokongola. Watengera kwathu."

Ntchito idali isadathe, ndipo a Makiyi sadali munthu wosiya chitseko chili pa hinjesi imodzi. Adabwereranso pa funso lija, adasankhanso choonetsera zithunzi, ndipo ulendo uno adachonga m'kabokosi. Nthawi yomweyo timabuku tonse tidayamba kuzimirira, kamodzikamodzi, ndipo m'malo mwake mudabwerera mageti, zitseko, galu, apongozi pampando wawo. Mayi adatsegula okha cha ukwati, adadziyang'ana, nanena kuti diresilo lidali lothina kuposa mmene ankakumbukira.

Kenaka a Makiyi adadzuka. Adatsitsa manja a malaya, adamanga batani la pakhosi, natuluka kukaima pakhonde. Adamenya mzati wachitsulo ndi sipanala mpaka wogulitsa penti, womata matayala, mayi wosoka zovala ndi makasitomala a wometa adasonkhana.

"Abale," adayamba, "m'mawa muja munamva zabodza. Kunali kusokonekera kwa makina, kumene ine ndakukonza. Mdzukulu wanga watchedwa dzina langa. Ine ndi iye dzina lathu ndi limodzi."

Anthu adaomba m'manja. Mayi wosoka zovala adadandaula kuti adali atayamba kale kusoka J pakachipewa. Womata matayala, amene makutu ake adagonthetsedwa ndi makina opopera, adakanda mutu.

"Ndiye kuti inuyo ndi mwanayo dzina ndi limodzi?" adafunsa.

"Limodzi."

"Oho! Zaka zonsezi tikuti a Makiyi, a Makiyi, osadziwa. Kani dzina lanu lenileni ndinu a Jefifi!"

"Ayi, sindinatero. Ndati..."

"Mwatero, alamu," adatero wometa ali kumbuyo kwawo, nkhope ili yofatsa ngati ya mboni. "Tonse tamva. Mwati dzina lanu ndi la mwana ndi limodzi. Mwana tikumudziwa."

A Makiyi adatchula dzina lawo la pachiphaso mokweza, chilembo ndi chilembo, koma lidamira m'phokoso. Wogulitsa penti adali akufotokozera kale anthu kuti n'chifukwa chake bamboyu adabadwa wofatsa, popeza adali mphatso yochedwa. A Makiyi adacheukira kwa akazi awo kuti awathandize, koma mayi adali m'kati, foni ili kukhutu, akuuza mwana wawo amene adali atadzuka kuti bambo ake alira.

Anthu atabalalika, a Makiyi adabwerera pabenchi. Kompyuta sadaivundikire. Adaitembenuza pang'ono kuti khanda liziwayang'ana akamagwira ntchito, ngakhale lidali m'tulo. Adamanga kiyi watsopano m'vaisi, ndipo adali asadapale kawiri pamene mthunzi udagwa pakhomo. Adali bambo wachilendo, thukuta lili kamukamu, chogwirira chitseko chothyoka chili m'manja.

"Odi! Ndadzitsekera kunja, ndipo mphika uli pamoto. Andiuza kuti ndifunse a Jefifi aakulu. Ndi pano?"

A Makiyi adatsegula pakamwa kuti amuwongolere. Adayang'ana mlendoyo, adayang'ana kapepala kali pachifuwa cha mdzukulu wawo, pamene dzina lidalembedwa bwinobwino ndi munthu yekhayo amene adafunika kulilemba. Adatola chikwama cha zida.

"Tsogolani," adatero. "Loko wake ndi wamtundu wanji?"